Maondo a Alamu Anga Laurindo

Mukafika pa kapela yathu, pa msewu wafumbi wochoka ku Milange kulowera ku Molumbo, mukayang'ane benchi ina kumbali ya amuna. Ili ndi malo osalala, onyezimira ngati anawadzoza mafuta ophikira. Pamenepo m'pamene ankakhala alamu anga Laurindo, amuna a achemwali anga Serafina. Sanasalaze benchiyo pongokhalapo ayi, anaisalaza potembenuka. Nthawi yolandira Ukaristia ikakwana, anthu n'kudzuka kupita kutsogolo, iwo ankakhotetsa maondo kumanzere kuti anzawo adutse. Anthuwo akamabwerera, ankawakhotetsa kumanja. Anayamba tsitsi lili bii, mpaka linayera akukhotetsabe. Ndikukhulupirira kuti adokotala atawaunika maondo amenewo angapezemo mahinjesi a chitseko.

Ine ndine Isac, mlongo wamng'ono wa Serafina komanso nkhoswe ya banja limeneli. Sukulu ndinaisiya mu terseira, kalasi yachitatu, ndinaona kuti ine ndi aphunzitsi tikungotayirana nthawi. Koma za banja la anthu awiriwa musanditsutse, ndadyapo nkhuku zambiri.

Alamu sankalandira chifukwa ukwati wawo unali wosadalitsa. Kwa ife Akatolika, ukatenga mkazi osapita naye kwa Padiri, ukhoza kuimba, ukhoza kusesa, ukhoza kupereka thumba la chimanga pa masika, koma patebulo la Ambuye umangoonera patali. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti belu la kapela, limu ya lole yomangidwa pa mtengo, ankaimba ndi iwowo. Munthu woitanira anzake chakudya chimene iye sadya nawo.

Khalidwe lopatsa anthu njira anabadwa nalo. Tinawadziwira ku kampu, tsidya lija la Malawi, nthawi ya nkhondo. Tsiku lina tili pa mzere wolandira ufa ndi nandolo, mnyamata wowonda amene anali kutsogolo kwathu anatembenuka, n'kuona Serafina, n'kupatuka kuti adutse. Serafina anadutsa osathokoza. Anapatukiranso amayi athu, poti ndi akuluakulu. Anapatukira ine, sindidziwa chifukwa chake. Azimayi a kumbuyo ataona kuti apa pali chipata, anadutsa onse. Mmene ankafika kutsogolo, ogawa aja anali akukung'untha matumba. Amayi anamva chisoni, anati abwere adzadye kwathu tsiku limenelo lokha. Akudyabe mpaka lero.

Mtendere utabwera, aliyense anabwerera kwawo. Alamu kwawo kunalibe. Mudzi wawo, cha ku Molumbo, unawotchedwa. Amayi awo anafera komweko, abale ena anatsalira ku Malawi, ena sitinamvenso. Ndiye anabwera kwathu pa chikamwini, atanyamula chuma chawo chonse: bulangeti lotuwa la ku kampu. Wailesi ndi njinga anagula pambuyo pake, atayamba ntchito yonyamula chimanga ndi nandolo kukagulitsa ku malire.

Tsono kwathu kuno mukudziwa, mudzi ndi wa mkazi, munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi. Mwamuna akalakwa amauzidwa kuti atenge zake azipita kwawo. Achemwali anga lamulo limeneli ankalikonda kuposa malamulo khumi a Mulungu kuwaphatikiza pamodzi. Alamu akaiwala mchere ku msika, bulangeti linkauluka pakhomo. Akabwereketsa khasu osapempha, bulangeti. Tsiku lina anakweza panjinga mayi wa kwaya amene anathyoka chala, bulangeti linauluka, wailesi n'kutsatira, mabatire pambuyo.

"Tengani zanu, bambo a Celeste, muzipita kwanu."

Alamu ankapinda bulangeti bwinobwino, n'kulimanga pa kaliyala, wailesi pamwamba, n'kupalasa mpaka pa mphambano pamene pali mtengo wa mango. Pamenepo azimayi amagulitsa nzimbe ndi zitumbuwa. Anali atawazolowera moti ankawasungira mwala wokhalira.

"Mwasudzulidwanso, a Laurindo?"

"Pang'ono."

Ankakhala pamenepo, kudya nzimbe, kumvera mpira. Dzuwa likapendeka, nthawi ya mapemphero apabanja itayandikira, ankakankha njinga kubwerera, n'kuima kuseri kwa mpanda. Kulowa okha sakanatha, poti anali osudzulidwa. Achemwali nawonso sakanatha kuwaitana, poti pakamwa pawo sipanatulukepo mawu oti pepani chibadwire. Ndiye ankachita chonchi: ankasonkhanitsa ana pa mphasa, kolona m'manja, n'kuyambitsa nyimbo ya Maria molakwika dala. Ankaikweza pamwamba kwambiri moti ana ankalira ngati anapiye, agalu a kwa aneba n'kuyankhira. Alamu akhoza kupirira njala, akhoza kupirira chipongwe, koma nyimbo ya Mulungu yokhota sapirira. Ankatsokomola kuseri kwa mpanda. Achemwali ankakhotetsa kwambiri. Kenako chitseko cha mpanda chinkatseguka.

"Si choncho, mayi a Celeste. Itsitseni."

Ankaiyamba bwino, onse n'kutsatira, n'kugwada, kupempherera odwala, mvula, ndi mtengo wa nandolo ku malire. Pofika pa Ameni bulangeti linali litalowa kale m'nyumba. Ana asanu anakulira m'mapemphero oterewa, ndipo onse amadziwa kolona pamtima, ngakhale Celeste, woyamba uja, mpaka lero amaganiza kuti nyimbo ya Maria imayamba ndi kutsokomola.

Ine monga nkhoswe ankandiitana mlandu uliwonse. Ndinkachedwa dala. Ndikafika ndinkapeza akuimba, ndinkagwada nawo, kudya, n'kumapita. Unkhoswe wokoma ngati umenewu sindinaumvepo kwina.

Chaka ndi chaka, Padiri akatsala pang'ono kubwera kudzadalitsa maukwati, animadori, wotsogolera mapemphero pa kapela, ankafika pakhomo kudzafunsa. Alamu ankayang'ana pansi, achemwali n'kuyankha.

"Ndikuwaonabe khalidwe."

Anawaona khalidwe mpaka anabereka ana asanu. Anawaona khalidwe mpaka zidzukulu zinayamba kumera mano. Ine nditawafunsa patokha anandiuza zoona zake.

"Iwe Isac, ukwati wa m'tchalitchi uli ndi khomo lolowera lokha. Nyumba yopanda potulukira si nyumba, ndi manda. Akatimanga Padiri, bulangeti ndidzaponya la yani?"

Zinthu zinasintha chaka chatha, atamwalira a Pascoal. A Pascoal ankakhala benchi imodzi ndi alamu, nawonso wosadalitsa, ndipo maondo awo anayi ankakhota pamodzi ngati ng'ombe za pangolo. Nthawi zonse ankati, "Chaka chamawa, a Laurindo, tidzakonza." Anagwa m'munda khasu lili m'manja, chaka chamawacho chisanafike. Lamulungu lotsatira Padiri analipo, ndipo alamu anakhotetsa maondo ali okha. Atabwerera kunyumba sanadye. Munthu amene anayamba kudya kwathu ku kampu osalumphitsa tsiku, anakankha mbale.

Ndinawapeza akupukuta sipoko za njinga zimene zinali zoyera kale.

"Alamu," anatero, "ndinalandira komaliza ndili mnyamata, nkhondo isanafike kwathu. Ndaiwala ndi kakomedwe kake komwe. Ndikufuna ndilandire kamodzi kokha ndisanatsatire a Pascoal."

Achemwali anali m'khitchini, koma makutu awo amafika mpaka kudimba. Anatuluka akupukuta manja pa kapulana, chitenje chimene anavala.

"Kalembetseni. Koma ndisaone kuti mwayamba kunyada."

Ndiye anayamba maphunziro a ukwati, limodzi ndi anyamata ndi atsikana amene ena mwa iwo anabadwira m'manja mwa achemwali. Wophunzitsa anali Edmundo, animadori watsopano, msinkhu wa mwana wawo wachitatu. Edmundo ndi mnyamata wabwino, koma anali ndi tsoka. Tsiku lina ankafotokoza kuti okwatirana ayenera kulandira ana onse amene Mulungu angawapatse.

"Akandipatsa wina panopa," anatero achemwali, "ndidzakutulira iweyo pakhomo, ndi matewera omwe."

Tsiku lina ankaphunzitsa za kupirirana m'banja. Achemwali anamufunsa kuti wakhala m'banja nthawi yayitali bwanji. Anati akwanitsa chaka pa Khirisimasi. Anamuuza kuti ali ndi mphika wakale kuposa banja lakelo. Pamene mayina ankalengezedwa m'kapela, Edmundo n'kufunsa ngati alipo wodziwa choletsa kuti Laurindo ndi Serafina akhale banja, azimayi a nzimbe aja anaseka mpaka mmodzi anatuluka panja kukamalizira.

Zonse zinkayenda. Jekete tinagula pa kaunjika ku malire, mbuzi inali yomangidwa kale kudikira Loweruka. Phunziro lomaliza linali Lachitatu. Edmundo anatsindika kuti Padiri akamanga wamanga, palibenso kuthamangitsana, kaya ndi mkazi, kaya ndi nkhoswe, kaya ndi mfumu. Alamu anagwedeza mutu. Kugwedeza kokha sikunali mlandu, onse ankagwedeza. Koma iwo anamwetulira. Achemwali anaona.

Lachinayi m'mawa bulangeti linauluka kuposa masiku onse, linakakodwa pa mpanda.

"Mwayamba kale kuonetsa mano musanadalitsidwe n'komwe. Loweruka mukakwatirane ndi Padiriyo. Tengani zanu muzipita kwanu."

Ine nditamva ndinati ndi zomwe zija, ndidzapita nthawi ya kolona. Koma dzuwa lili paliwombo ndinaona achemwali akubwera kwathu chothamanga, mpango uli m'manja. Chibadwire sindinawaonepo akuthamanga, ngakhale tsiku limene tinkathawa nkhondo ankayenda ngati akupita kumadzi.

"Liza mota yako. Alamu ako pa mtengo palibe."

"Mwadziwa bwanji kuti palibe? Pa mphambano ndi patali."

Achemwali anati, "Ukakwera pa chulu cha kuseri kwa nkhokwe pamaoneka."

Ndinawayang'ana. Chulu chimenecho chili ndi kanjira kosalala kokwerera, ndipo zaka zonsezi ndinkati ndi mbuzi.

"Ukayang'ananso choncho ndikuthyola khosi. Liza."

Mota yanga, njinga yamoto, ndi yokalamba, imalira ikafuna, koma tsiku limenelo inamva mawu a achemwali n'kulira kamodzi. Pa mphambano azimayi anati alamu anadutsa osaima, osapereka ngakhale moni, analowera njira ya ku Molumbo. Tinatsatira. Msewu umenewo mukuudziwa, maenje ake ena ali ndi mayina. Achemwali kumbuyo ankapemphera kolona, n'kumaidula pakati kuti anditukwane ndikagunda dzenje, n'kupitiriza pamene anasiyira. Aliyense amene tinamufunsa anati inde, wadutsa bambo wa imvi ali ndi bulangeti ndi wailesi. Mmodzi anati anamuona ataima pa mlatho kudikira kuti mbuzi ziwoloke. Tinadziwa kuti ndi iwowo.

Tinawapeza dzuwa litapendeka, pakati pa munda wa nandolo wa anthu osawadziwa. Panalibe nyumba, panalibe bwalo. Panali mitengo ya mango yakalekale ndi chulu basi. Anali atayala bulangeti pansi pa mtengo umodzi, njinga ataigoneka, wailesi yotseka.

Achemwali anatsika, anakonza kapulana, mantha onse aja n'kusanduka ukali.

"Bambo a Celeste, mukutani m'munda mwa eni ake?"

"Ndabwera kwathu."

"Ndani anakuuzani kuti mufike kuno?"

"Inuyo."

"Ndakhala ndikunena zaka zonsezi. Munayamba mwafikako liti?"

Alamu anathothola tsamba la nandolo n'kumalipotokola.

"Pa mtengo ndinkakhala chifukwa ndinkadziwa kuti madzulo kuli nyimbo. Lero mwati Loweruka kulibe. Ndiye ndati ngati ndifa ngati a Pascoal, ndikaone kaye kwathu, mwina kuli poti n'kundiika. Nyumba yathu inali apo. Amayi ali penapake pakati pa mtengo uwu ndi chulu icho, sindikudziwa bwinobwino. Alimapo nandolo."

Ine ndinayamba kuyang'ana tayala la mota ngati laphwa. Achemwali anachita chimene sanachitepo: anakumbukira kuti ali ndi nkhoswe. Anatembenukira kwa ine, alamu ali pomwepo poti ukhoza kuwagwira ndi dzanja.

"Isac, auze alamu akowa. Munthu akapita pa mtengo n'kubwerera, ndimadziwa kuti wabwera ndi miyendo yake, palibe wamukoka. Tsono akatimanga, ndidzadziwa bwanji ngati akukhala chifukwa cha ine, kapena chifukwa choopa Padiri?"

Ndinatembenuka mwaulemu wonse wa unkhoswe. "Alamu, akuti amakukondani."

"Sindinatero, galu iwe."

Alamu anaganiza nthawi yayitali, monga amachitira akamawerengera mtengo wa chimanga.

"Alamu, auzeni kuti Padiri amabwera mwa apo ndi apo. Iwowa ndimawaopa tsiku ndi tsiku."

Ndinatembenuka. "Achemwali, akuti nawonso."

Koma alamu sanadzuke. Anakhalabe pa bulangeti lawo, maso ali pa chulu. Ndinaona kuti apa nthabwala zanga zatha mphamvu, ndipo Loweruka likhoza kupita ndithu, mbuzi n'kupulumuka. Achemwali anayang'ana kumwamba, anayang'ana nandolo. Kenako pakati pa munda wa eni, popanda mphasa, popanda ana, anayambitsa nyimbo ya Maria.

Ndamvapo achemwali akukhotetsa nyimbo, koma tsiku limenelo anaposa. Njiwa zinauluka m'mitengo. Mwini munda, amene ankabwera ndi chikwanje poganiza kuti tikuba nandolo, anaima patali n'kuvula chipewa, ankayesa pali maliro. Alamu analimba mtima ndime yonse yoyamba. Ndinaona nsagwada zawo zikugwedera. Pa ndime yachiwiri achemwali anakwera mpaka mawu anang'ambika, ndipo sindinganene ngati kumeneko kunali dala.

Alamu anatsokomola.

"Si choncho, mayi a Celeste. Itsitseni."

Tinagwada atatu pa bulangeti lija, mabowo ake ochuluka kuposa ulusi. Alamu anatsogolera, ndipo pa mapemphero a akufa achemwali ndi amene anatchula apongozi awo, amene sanawaonepo. Mwini munda anayankhira Ameni ali chapatali.

Za ulendo wobwerera sindinena zambiri. Anthu atatu, njinga yopingasa kumbuyo, wailesi pamimba panga. Tinagwa kamodzi kokha, ndipo anati wolakwa ndine.

Loweruka belu anaimba okha, atavala jekete, anakana kuti wina aligwire. Maanja onse anakhala kutsogolo, mwamuna ndi mkazi wake benchi imodzi. Padiri atafunsa achemwali ngati akulola, anakhala chete kanthawi kokwanira kuti kapela yonse isiye kupuma, kenako anati, "Ndawaona khalidwe. Ndilola." Padiri ndi mlendo kuno, sanamvetse chimene anthu ankasekera.

Kenako inakwana nthawi ija. Kwaya inayamba, maanja achinyamata a pa benchi yawo anadzuka. Ndipo alamu anga, ali m'jekete, mphete ili pachala, anakhotetsa maondo kumanzere kuti anzawo adutse. Anakhala phee, manja pachifuwa, maso pansi, monga mwa zaka zonse. Mutu unkadziwa kuti adalitsidwa, koma maondo panalibe anawauza.

Achinyamata aja sanadutse. Anangoima. Edmundo anaima, kwaya inabwereza ndime. Achemwali anawatsina pantchafu, ndinaona ndi maso anga.

"Dzukani, inu. Lero akupatsani njira ndi anzanu."

Anadzuka ngati munthu amene akuphunzira kuyenda. Anapita kutsogolo, woyamba pa mzere kwa nthawi yoyamba chibadwire, achemwali ali pambuyo ngati wapolisi, kuopa kuti angapatukire wina. Pobwerera misozi inali ikutsikira m'jekete la kaunjika. Achemwali anawapatsa nsonga ya kapulana osawayang'ana.

Titatuluka ndinawakoka pambali. "Alamu, tandiuzani, kakoma bwanji?"

"N'kakang'ono kuposa mmene ndinkakumbukira," anatero monong'ona. "Koma musandiyankhulitse, ndili ndi Mlendo."

Musaganize kuti bulangeti linapuma. Patangopita sabata, alamu anaiwala sopo ku msika, ndipo linauluka monga kale. Chasintha ndi mawu okha.

"Pa mtengo pokha, bambo a Celeste. Mukapitirira mundiona."

Anapinda, anamanga pa kaliyala, anapalasa. Ine ndinali pa mphambano ndikuthira mafuta mu mota pamene ankafika. Azimayi anawasunthira mwala wawo.

"Mwasudzulidwanso, a Laurindo?"

Anakhala pansi, anasankha nzimbe yonenepa, anaigogoda kuti mphete iwale padzuwa.

"Sizingatheke, amayi. Ndangobwera kudzapitidwa mphepo."

Ndinayang'ana cha kumudzi. Pamwamba pa chulu panali kanthu kovala mpango wofiira, ndipo sinali mbuzi.